Zala za a Chavula ndi khofi wa NyaHarawa

Ku Mphompha mukafunsa za a Overton Chavula, palibe amene angakuuzeni kuti ndi munthu woipa. Mowa samwa, satukwana, ndipo pamaliro amafika ndi khasu lawo adzukulu asanayasamule. Vuto lawo lili kumapeto kwa mikono. Tsiku logawa zala, ena analandira zogwirira khasu, ena zogwirira pensulo. A Chavula analandira zothandizira zinthu zimene sizinapemphe thandizo.

Matendawa anayamba ali mnyamata. Thadzi la amayi awo linafungatira mazira khumi ndi awiri, ndipo tsiku loswa iwo anamva tianapiye tikugogoda m'kati. Chisoni chinawagwira. Anakhala pansi n'kuyamba kusenda mazirawo ngati ophika. Pofika madzulo thadzilo linatsala ndi anapiye atatu, omwe anapulumuka chifukwa anachedwa kugogoda. Amayi awo anawakwapula ndi mthiko mpaka unathyoka, koma mthiko sufika kumene kumagona khalidwe.

Sukulu anailekeza mu sitandade faifi, koma sanaitalikire, chifukwa anadzalembedwa umesenjala pasukulu yomweyo n'kukhalapo zaka makumi atatu. Mwana akangoti dzino layamba kugwedera, a Chavula ankalimva fungo ali kuseri kwa ofesi. Ankangoti tayasamula ndingoona, basi mwana akutseka pakamwa dzino lili kale m'manja mwawo. Pali mbadwo wathunthu wa anthu a ku Mphompha, ena ndi aphunzitsi tsopano, umene mpaka lero umaseka chotseka pakamwa. Kutchalitchi anawasankha udikoni n'kuwaika pakhomo. Mwamuna akafika ndi chipewa kumutu sankapatsidwa mpata woti avule yekha, ankangomva mphepo padazi. Sabata lina anavula mlendo wina kachipewa koyera, osadziwa kuti ndi bandeji ya kuchipatala. Akulu a mpingo atawaitana, iwo anayankha ndi mwambi umodzi womwe amaudziwa bwino, woti zengerezu analinda kwawukwawu.

Munthu amene wasenza zonsezi kwa zaka makumi anayi ndi chimodzi ndi mkazi wawo, Rahab NyaHarawa. Mayi ameneyu anazolowera kukavundika nthochi zake kwa oyandikana nawo, chifukwa kunyumba kwake zinkabola ndi zala zisanapse. NyaHarawa salankhula kwambiri, ndipo sanena chinthu kawiri. Chaka china ananena kuti nkhumba sadzaphikanso m'nyumba muno, ndipo mpaka lero a Chavula nkhumba amangoiona ikudutsa.

Kwawo kwa NyaHarawa ndi ku Junju, kumene bambo awo, malemu a Manasseh Harawa, anali ndi munda wa khofi wakale kuposa ukwati wa a Chavula. M'munda momwemo ndi mmene a Chavula anawaona koyamba akuthyola khofi, n'kudzipereka kuwathandiza, n'kuthyola ndi wosapsa yemwe. Madalawo atamwalira, mchimwene wa NyaHarawa, a Hezron, anaona kuti mitengoyo yakalamba, n'kuigwetsa kuti adzale mbatata ya kachewere. NyaHarawa anamva mochedwa. Anafika mitengo yomaliza ili pansi, ndipo sanakangane ndi munthu. Anangoyala chitenje n'kutola khofi wofiira panthambi zogwazo. Kunyumba anamusenda ndi manja, kumutsuka, kumuyanika pamthunzi, kenaka n'kumufesa pamchenga kuseri kwa khitchini, pansi pa chisakasa cha udzu. Mbewu ya khofi wa a Manasseh inali imeneyo basi. Kwina kulikonse kunalibe.

Khofi sapupuluma. Masabata asanu anatha mchenga uli chete ngati sunadye kanthu. A Chavula anagwidwa kamodzi atapisa chala kuti aone ngati mbewuzo zili maso, ndipo anati amafuna nyerere. Sabata lachisanu ndi chimodzi kunabwera foni kuchokera ku Mzuzu yoti mwana wawo Isabella ali pafupi kuchira, ndiye mayi ake apite akamudikirire. NyaHarawa analongedza sutikesi, n'kuwatengera a Chavula ku nazale kuja. Anawaonetsa kheni yothirira, anawaonetsa ndowa, anawauza kuti azithirira m'mawa ndi madzulo. Kenaka anayang'ana zala zawo nthawi yaitali.

“A Chavula, za anapiye ndinamva kwa apongozi anga, ndinaseka. Za mano a ana anga ndinakhululuka. Koma uyu ndi khofi wa adada. Mukamukhudza, ine ndidzabwera kudzangotsanzika.”

A Chavula anaseka pang'ono kuti mwina nawo aseka, koma anaseka okha. Atafunsa kuti abwera liti, NyaHarawa anati abwera mchombo wa mwana ukagwa, monga mwa mwambo wake.

Patangotha masiku anayi, khofi anamera. Amene sanaonepo khofi akumera adziwe kuti satuluka ndi masamba ngati chimanga. Kamatuluka kamtengo kobiriwira, kowonda ngati ka machesi, katasenza khoko la mbewu yake kumutu. Tsiku loyamba tinalipo khumi, lachitatu tinali tosawerengeka, mizere isanu ndi umodzi, tonse chilili, tonse titavala. A Chavula anaima ndi kheni m'manja. Zaka zonsezi pakhomo la tchalitchi sanaonepo mpingo waukulu chotere utalowa pansi pa denga ndi zipewa kumutu.

Tinene zoona, anayesetsa. Sabata lathunthu ankathirira ndi dzanja limodzi, lina lili m'thumba. Akamaliza ankapita kukakhala kumpanda kwa mbuzi, kutali. Mwana atabadwa ku Mzuzu, wamkazi, iwo anaimba foni kuyamikira, n'kufunsa ngati anamwino sangauthandize pang'ono mchombowo kuti ugwe msanga, poti kunyumba kuno kukufunika munthu. NyaHarawa anadula foni.

Koma unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Makoko aja anauma gwa. Ena anang'ambika pang'ono, kobiriwira kakusuzumira m'kati ngati munthu wotsekeredwa m'chimbudzi. Kwa a Chavula zinali ngati akumva tianapiye tija tikugogodanso. M'mawa wina atangothirira anaona mbande imodzi kumapeto kwa mzere woyamba, khoko lake litapendekeka ngati chipewa cha munthu wochokera ku mowa. Anadziuza kuti kuongola si kukhudza. Anaika chala chimodzi, khoko lija linagwa lokha, masamba awiri n'kutambasuka ngati mapiko a gulugufe.

Apa ndi pamene Satana anaikapo nyambo. Ikanaduka yoyambayo, bwenzi nkhani ino kulibe. Yachiwiri nayo inavula bwinobwino. Yachitatu inakana pang'ono, iwo n'kuwonjezera mphamvu pang'ono, ndipo khoko linabwera ndi mutu womwe. A Chavula anayang'ana kachitsako n'kunena kuti imeneyi inali yodwala kale. Yachinayi nayo inali yodwala. Ngati mukufuna kudziwa chifukwa chake sanalekere pomwepo, kafunseni munthu wa njuga. Ankati yotsatirayo ndiyo ibwezere. Pamene dzuwa linkafika paliwombo anali atamaliza mzere woyamba wonse, mbande makumi anayi. Zisanu ndi zinayi zinali ndi masamba. Makumi atatu ndi imodzi zinali tizitsa.

Ataimirira, msana unalira, ndipo m'makutu munamveka mawu aja oti kudzangotsanzika. Anayamba kuona nyumba yopanda NyaHarawa, iwo akuphika okha, akuvundukula mphika mphindi iliyonse, nyemba osapsa mpaka Khirisimasi. Koma si nyemba zokha zimene zinawawawa. Anakumbukira mayi uja atagwada panthambi zogwa ku Junju, akutola mmodzimmodzi osalira. Anavala jekete n'kutsetsereka kukafuna mlangizi wa zaulimi.

Mlangiziyo ndi Yamiko, mtsikana wa ku Dedza amene boma linamutumiza kuno zaka ziwiri zapitazo. Chitumbuka chake chonse ndi yewo chomene, kutanthauza zikomo kwambiri, ndipo amachigwiritsa ntchito paliponse, pamsika, pamsonkhano, ngakhale pamene galu wamuuwa. A Chavula anamupeza akupopa njinga yake yamoto. Anamufotokozera kuti pali mnzawo wina wa kutchalitchi, munthu wabwino koma wosaphunzira, amene khofi wake wamera ndi makoko okakamira, ndiye akufunsa ngati n'koyenera kuwachotsa.

Yamiko anati ayi, mnzawoyo asiye. M'khokomo ndi mmene muli masamba awiri oyamba, opindidwa, ndipo mbande ikudya chakudya chake momwemo. Ikakhuta imakankha khoko yokha, kaya patenga masabata awiri kaya atatu. Ngati lauma ndi dzuwa, awonjezere udzu pachisakasa, azidonthezera madzi pakhokopo kuti lifewe, kenaka achoke akakhale pansi. Lokhalo limene lang'ambika kale, lanyowa, ndipo likugwa ndi mpweya wa pakamwa, ndilo munthu angalikhudze.

A Chavula anakhosomola n'kufunsa ngati mbande yoti mutu wachoka mwangozi ingaphukenso.

“Abambo, inu ndinu a dikoni. Mu Baibulo muja, wodulidwa mutu alipo anadzukapo?”

A Chavula anaganiza za Yohane Mbatizi. Yamiko anawerama n'kupitiriza kupopa.

“Mnzanuyo mukamuuzenso asambe m'manja, abambo. Mchenga wa nazale udakali m'zikhadabo.”

Munthu wina akanapita kunyumba n'kukaimba foni kuvomera. A Chavula anapita kunyumba n'kukaona kuti makoko aja adakali pamchenga, onse makumi atatu ndi limodzi, abwinobwino. Nzeru inawabwerera. Zaka zonsezi akhala akuvula anthu zipewa, nanga kuveka kungavute? Anatola khoko n'kuliika pakachitsa, linagwa. Anaphika phala la kondowole n'kumata, ndipo linagwira bwino mpaka m'mawa mwake, pamene anapeza nyerere zitasenza makoko atatu zikupita nawo kwawo. Anazilanda. Kenaka anapeza ulimbo, womwe nyerere siziufuna. Masiku atatu zinaoneka bwino, koma lachinayi tizitsa tija tinafota n'kugona pansi, makoko ali kumutu.

Apa ndi pamene a Chavula anaonetsa kuti sitandade faifi si masewera. Analowa m'khitchini n'kutenga bokosi la machesi. Kamtengo kalikonse anakapaka madzi a masamba a maungu mpaka kabiriwire, mutu wake n'kuulowetsa m'khoko, n'kukazika pamene panali kachitsa. Ataima chapatali n'kutsinzina diso limodzi, mzere woyamba unali wowongoka kuposa yonse.

Mizere isanu yotsalayo ndiyo anaisamala monga ananenera Yamiko. Anawonjezera udzu padenga. Anazula nthenga kwa tambala, ndipo m'mawa ndi masana ankaiviika m'kapu n'kudonthezera khoko lililonse. Dzanja lamanzere ankalimanga ndi mpango kulamba wa thalauza, chifukwa sankalikhulupirira. Oyandikana nawo ankati mwina ndi nyamakazi. Makoko anayamba kufewa, ndipo m'mawa uliwonse ankapeza ena atagwa okha pamchenga, popanda wowathandiza. Zimenezi zinkawadabwitsa, ndiponso zinkawanyoza pang'ono.

NyaHarawa ataimba kunena kuti mchombo wauma, ukulendewera ndi kaulusi kokha, mwina mawa ugwa, a Chavula anachita mantha kuti abwera machesi asanazolowere malo. Anawauza kuti asaukhudze ngakhale pang'ono, ugwe wokha, ngakhale patatenga mwezi, chifukwa zinthu zotere sizifuna kupupuluma. Kumbali inayo kunakhala zii nthawi yaitali, mpaka iwo anagwedeza foni kuti mwina netiweki yathawa. Kenaka NyaHarawa anangoti yewo, n'kudula.

Anafika Lachisanu masana. Sanalowe m'nyumba. Anaika sutikesi pakhomo, mkati pang'ono mwa chitseko, n'kulunjika kuseri kwa khitchini, a Chavula ali pambuyo akufunsa za ulendo, za mwana, za mtengo wa tomato ku Mzuzu. Mizere isanu inali gulugufe yekhayekha, yobiriwira, yonyezimira. Mzere woyamba unali ndi mbande zisanu ndi zinayi zamasamba, ndi asilikali makumi atatu ndi mmodzi ataima njo ndi zipewa zawo. NyaHarawa anawerama. Anayang'ana, n'kuyang'ananso. A Chavula anati amenewa ndi ochedwa chabe, khofi ali ngati ana, ena amayenda msanga ena mochedwa.

NyaHarawa anavomera kuti n'zoona. Anati awadikire, kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo poti mzere umenewu wawazolowera a Chavula, azithirira okha ndi nthenga yawoyo, katatu patsiku, mpaka uvule.

Sutikesi inakhala pomwe anaiika. Sinatsegulidwe, sinalowe kuchipinda. NyaHarawa ankavala zovala zakale za m'dengu. A Chavula akamatuluka ankailambalala, akamalowa ankailambalala, ndipo tsiku lililonse inkaoneka ngati yasendera kunja pang'ono. M'mawa NyaHarawa ankapita kukapala moto kwa oyandikana nawo, ndipo sanafunse ngakhale kamodzi kumene kunapita machesi a m'khitchini. Akabwerako ankakhala pampando pafupi ndi nazale, akusankha nyemba, n'kumawakumbutsa a Chavula kuti wachitatu kuchokera kumapetoyo mwamudumpha. Bambo wa zaka makumi asanu ndi awiri, dikoni wa mpingo, anagwada masiku khumi ndi awiri akudonthezera machesi madzi.

Tsiku lina NyaHarawa anaimitsa Yamiko pamsewu kuti adzaone mbande zochedwazi, mwina pali mankhwala. Yamiko anawerama, anayang'ana mzerewo, anayang'ana a Chavula, mapewa n'kuyamba kunjenjemera. Anangokwanitsa kunena yewo chomene, n'kuthamangira kunjinga yake atagwira pakamwa. Akuti analiza njingayo asanakwere n'komwe, kuti phokoso libise zina.

Madzi a maungu sakhalitsa. Timiyendo tija tinayamba kuyera kuchokera pansi, ndipo a Chavula sankapeza mpata wopakanso poti mwini khofi ankakhala pomwepo. Lamlungu anaima pakhomo la tchalitchi maganizo ali kwina, moti amuna awiri analowa ndi zipewa mpaka kumpando wakutsogolo, n'kubwerera kudzafunsa ngati a dikoni akudwala.

M'mawa wa tsiku lakhumi ndi chitatu a Chavula anali atagwada ndi nthenga yawo pamene NyaHarawa anatulukira ndi nkhuni m'manja.

“A Chavula, anzathu aja apita kumunda, moto sanasiye. Tandizulirani mbande imodzi ya mzere woyambawo ndikolezere.”

A Chavula anakhala chigwadire. Nthenga inadontha kawiri. Kenaka anayankha osadzutsa mutu.

“Siyaka, NyaHarawa. Ndaithirira kwambiri.”

Atatero zonse zinatuluka zokha, za chipewa chopendekeka, za kondowole, za nyerere, za ulimbo. Ananena kuti khofi wa apongozi awo wafa ndi zala zawo, mbande makumi atatu ndi imodzi, ndipo alibe pozigula. Anati ngati ndi kutsanzika, sutikesi anyamula ndi iwo mpaka kumsewu, koma akupempha kuti zikakula zotsalazi adzawalole kubwera ku Junju kudzangoziona, manja atamanga kumbuyo.

NyaHarawa anaika nkhuni pansi. Anati iwo anadziwa ali ku Mzuzu, tsiku lija la foni. Mwamuna amene anazula mano a mudzi wonse sangadzuke n'kunena kuti mchombo ugwe wokha, pokhapokha ngati wapha kanthu. Anati m'basi monse anabwera atatsimikiza mtima kuti afika, atsanzika, abwerera ndi basi yomweyo. Chinawaimitsa ndi mizere isanu ija.

“Nanga awa, makoko anawavula ndani?”

“Anavula okha.”

“Inu munkatani?”

“Ndinkadonthezera madzi. Ndikatero ndinkakakhala pansi.”

NyaHarawa anawauza kuti abwerezenso mawu omalizawo, poti awadikira zaka makumi anayi ndi chimodzi. A Chavula anabwereza. NyaHarawa anati adada awo nawo ankataya mbande chaka chilichonse, ndi mbozi, ndi nkhuku, ndi akamwini, ndipo munda sunathe. Kenaka analoza kukhomo. Anati sutikesi ija zipi yake inakakamira ali ku Mzuzu, yaluma nsalu, ndiye a Chavula aitsegule. Ikatseguka bwino, zovala zilowa kuchipinda. Zipi ikaduka, ndiye kuti sutikesi yadzitsekera yokha, ulendo wa ku Junju ulipo.

A Chavula anagwada patsogolo pa sutikesi. Zala zinafika pazipi zokha, iwo asanazitume, ndipo anaona kuti kungokoka kamodzi mwamphamvu nkhani yatha. Anazibweza. Anapita kukatenga kachidutswa ka sopo, n'kupaka mano a zipiyo limodzilimodzi. Anagwedeza pang'ono, n'kusiya. Anapita kukaona mbuzi. Anabwerako, anapakanso, anagwedezanso. Dzuwa linakwera, nkhuku zinalowa pamthunzi, NyaHarawa anapala moto kwina n'kuphika. Nthawi ya nkhomaliro itakwana, kansalu kaja kanatuluka, zipi n'kuyenda kuchokera uku mpaka uko osalira.

NyaHarawa anaiyang'ana mbali zonse, n'kunena kuti ichi ndi chinthu choyamba kutuluka chamoyo m'manja amenewa. Ananyamula zovala zawo n'kulowa nazo kuchipinda.

Khofi uja anawokeredwa kumunda wa kumtunda kwa nyumba, ndipo chaka chino waonetsa maluwa oyamba. Machesi anawazula n'kuwayanika padenga, koma palibe ndi kamodzi komwe kanayaka. A Chavula adakali pakhomo la tchalitchi, koma masiku ano amaima manja ali kumbuyo, n'kumangochiyang'ana chipewa mpaka mwini wake avule yekha. Amuna a ku Mphompha anazindikira zimenezi, makamaka aja oseka chotseka pakamwa. Amafika pakhomopo, amapereka moni, amafunsa za khofi, amamanga chingwe cha nsapato, chipewa chili phee pamutu, uku akuyang'ana mmene zala za a dikoni zikuvinira kumbuyoko.